Amati Ndinameta Maliro Mwana Akadali Moyo

Linali Lachitatu, pa 12 Ogasiti 2009, cha m'ma 4 koloko madzulo, pamene lole inatsitsa mabelo anga a fodya pamphambano ya msewu wa ku Nambuma. Anali atabwezedwanso ku okushoni. Masaka ake anali atada ndi fumbi la ku Kanengo. Ndinawayang'ana. Nditafika kunyumba ndinatenga nkhwangwa n'kulunjika pachigafa chomwe ndinkayanikapo fodyayo. Mzati woyamba ndinaugwetsa. Wachiwiri ndinaudula mpaka pakati, ndipo mkazi wanga Nabanda anafika kumbuyo n'kugwira mpini.

"Mukagwetsa chonse, mvula ikabwera mbuzi zidzabisala pati?"

Ndinasiya nkhwangwa. Madzulo omwewo ndinamuuza kuti ndikupita ku Joni. Sanakane. Anangofunsa ngati ndamuuza mlongo wanga Yasinta.

Funsolo linali loyenera. Kwathu mwamuna amayang'anira ana a mlongo wake, ndipo ine ndiye ndinali mwamuna yekhayo m'mimba mwa amayi. Yasinta anali ndi mwana mmodzi, Fabiano, yemwe nthawi imeneyo anali ku pulayimale. Nyumba yawo ndi yathu zinalekana ndi munda umodzi. Tsiku lonyamuka, Yasinta anandiperekeza mpaka pokwerera minibasi.

"Achimwene, musakaiwale kuti mwasiya mbumba," anatero.

Ku Joni ndinayamba ndi kusamala maluwa pakhomo la mzungu, kenako ndinapeza ntchito yonyamula katundu pamalo ogulitsa matayilosi. Ndinkagona m'kanyumba ka malata ndi mnzanga Jailosi wa ku Dowa. Mauthenga ochokera kumudzi ankayamba ndi moni n'kuthera pa feteleza. Sindinkadandaula, ndi zimene ndinapitira. Chovuta linali Lamlungu. Ukachoka ku Misa unalibe khomo loti ukaodire. Tinkangokhala ndi Jailosi pamabokosi, aliyense akuyang'ana foni yake, kudikira kuti ilire.

Lamlungu lina masana tinamva nyimbo ikubwera kuchokera kumunsi kwa msewu. Sinali nyimbo ya tchalitchi. Anali anyamata a kumeneko, atanyamula zibonga ndi zitsulo, akulowa khomo ndi khomo kufuna ife obwera. Chitseko chathu anachimenya kamodzi chabe. Jailosi anatulukira pawindo n'kuthawa. Ine ndinachedwa, ndipo anandikokera panja. Ndinagona chammbali, mawondo pachifuwa, manja kumutu, osatulutsa liwu. Anandimenya mpaka anatopa, n'kupita. Jailosi anamugwira pafupi ndi njanji. Tinakamuzindikira ndi nsapato. Amalawi tinasonkherana, thupi lake linapita ku Dowa m'kangolo kokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi mafiriji a anthu.

Tsiku limenelo ndinaphunzira zinthu ziwiri: gulu likakugwira usathawe, ndiponso usayankhule. Sindinkaganiza kuti phunziroli ndidzaligwiritsa ntchito pakhomo panga.

Amayi atamwalira sindinabwere. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Fabiano anandiimbira foni ali kumanda n'kuikweza m'mwamba kuti ndimve nyimbo. Ndinamvetsera nditatsamira mulu wa matayilosi, abwana akundiyang'ana. Yasinta sanandinene za zimenezi, koma kuyambira pamenepo moni wake pafoni unafupika. Ndinamanga nyumba ya malata kumudzi. Fabiano atalephera kupeza ntchito ndinamugulira njinga yamoto, n'kuyamba kabaza pakati pa Nambuma ndi Nsaru. M'mudzi anthu anayamba kunena za ine kuti a Bene zawayendera.

Matenda anayamba ndi zotupa m'khosi ndi thukuta la usiku. Kuchipatala anati ndi khansa ya m'mwanabele. Anandiyamba mankhwala a m'diripi, amene amapha matendawo koma amaphanso chitetezo cha m'thupi. Nthawi yomweyo korona anali atavuta. Malo a ntchito anatseka. Ndinkagona ndekha, ndikusanza m'chitini, ndikuganiza za kangolo kamene kananyamula Jailosi. Ndinaimbira Nabanda.

"Ndikubwera. Ngati n'kufa, ndidzafere komweko."

"Bwerani, koma za kufazo muzisiye pachipata," anayankha.

Ndinafika m'mwezi wa Meyi 2021, ndipo ndinapitiriza mankhwala kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Dokotala wake anali mayi wosachulutsa mawu. Anandiuza kuti chimfine chomwe mnzanga angachire ndi panado, ine chikhoza kunditenga, nanji korona. Anafunsa ngati kwathu kumabwera alendo. Ndinaseka. Munthu wochokera ku Joni patapita zaka zonsezo, alendo angalephere?

"Ndiye muziwalandirira panja, motalikirana," anatero. "M'nyumba muzilowa inu ndi mayi okha. Wotsokomola adikire kaye kwawo."

Chigafa chija chinali chikadalipo, chopendekeka, mzati wodulidwa theka uja Nabanda ataumangirira ndi waya. Tinachifolera udzu watsopano n'kuchisesa. Mpando wanga ndinauika kumapeto, ya alendo kumapeto kwina. Polowera tinaika ndowa ya mpopi ndi sopo, kuti pasakhale zosambira m'beseni limodzi. Nabanda anasoka timasiki ta nsalu ya chitenje, n'kumapatsa aliyense wobwera wopanda. Moni wa padzanja ndinasiya, ndinkangoomba m'manja monga ankachitira makolo. Chakudya aliyense ankalandira m'mbale yake. Ochokera kutali ankakagona kwa Yasinta. Ndisanakhale pansi ndinkayamba ndaona komwe mphepo ikuchokera, kuti izichoka kwa ine kupita kwa iwo.

Poyamba anthu anazitenga ngati nthabwala. Mlamu wanga Gelevazio, mwamuna wa Yasinta, anayang'ana mpando wake, anayang'ana wanga.

"Alamu, mpando wangawu uli m'boma la Lilongwe lomweli kapena mwandiika ku Dowa?"

"Khalani pomwepo, alamu, ndikukumvani."

"Ndiye tizikuwa ngati tikuingitsa mbalame kudimba? Nkhani zachinsinsi tinena bwanji?"

Tinaseka tonse. Ndinawafotokozera kuti ndikudwala, ndipo matendawo ndinawatchula dzina. Ndinkaganiza kuti akamva atalikira. Zinachitika ndi zosiyana. Kwathu wodwala amazondedwa. Amayi amalowa m'chipinda momwe wagona, amakhala pamphasa, amamugwira pamphumi, amamumwetsa phala. Mawa lake anabwera ambiri kuposa dzulo, ndipo Nabanda anaima pakhomo kuwabweza mmodzimmodzi. Sanamukhululukire.

Kunena zoona, sindinkaoneka wodwala. Inali nyengo yozizira, ndipo ine kuzizira ndinkakumva kawiri. Ndinkakhala nditavala jekete lalikulu la ku Joni, chipewa chaubweya chofika m'maso, magalasi ndi masiki. Mapiritsi ena ankanditupitsa masaya. Munthu wokhala kumapeto kwa chigafa ankaona bambo wonenepa, wovala bwino, wokana kupereka dzanja.

Tsiku lina Yasinta anabwera ndi thobwa. Analawa pachikho monga mwa mwambo, n'kudutsa mipando yonse kubwera kwa ine. Ndinakweza dzanja.

"Ima pomwepo, mlongo."

Anaima, chikho chili m'manja.

"Achimwene, tinayamwa bere limodzi. Lero malovu anga asanduka poizoni?"

"Si choncho. Dokotala anati..."

"Wodwala timamuona ali pamphasa, osati pampando atavala jekete. M'nyumbamo muli chiyani choti ife tisaone?"

Anaika chikho pansi n'kupita. Nkhuku zinabwera kudzamwa.

Fabiano yekha ndiye anamvetsa, kapena anangosankha kundimvera. Ankafika ndi njinga yake, osatsika, n'kutola dothi pang'ono, kuliwaza m'mwamba.

"Malume, mphepo lero ikuchokera kwa Kabudula. Ndiime mbali iti kuti ndisakupheni?"

Ankaima komwe ndamulozera n'kundiuza nkhani za pamsewu: amene wagwa ndi thumba la mtedza, amene wathawa osalipira. Ndi iye anandiuza zimene zinkanenedwa pamsika. Amati munthu wokhwimira chuma amapatsidwa malamulo ndi sing'anga: asagwirane dzanja ndi m'bale wake, asadye mbale imodzi ndi anthu, m'nyumba mwake musalowe mlendo. Amati m'chipinda mwanga ndikusunga ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azindigwirira ntchito. Malamulo onse a dokotala anali atalowa bwinobwino m'nkhani imeneyi, ngati anasokera dala.

"Ine ndimawauza kuti ndondocha ya malume ndine, ndimawagulira sopo ku Nsaru," anatero akuseka.

Masana ena dzuwa linatentha, ndipo ndinakhala kuseri kwa nyumba nditavula chipewa. Tsitsi linali litathothoka lonse ndi mankhwala. Gelevazio anatulukira m'munda akufuna mbuzi yake. Anaima chapatali, maso ali pamutu panga.

"Alamu, mwameta? Kwamwalira ndani?"

"Ndi mankhwala, alamu."

"Mankhwala," anabwereza. Sanaseke. Anapita osaipeza mbuziyo.

Kwathu, ngakhale ndife Akatolika, mwambo wometa sitinausiye. Tikaika maliro, m'mawa mwake abale onse amasonkhana pakhomo la siwa n'kumeta mpala. Mwamuna wa msinkhu wanga sameta choncho popanda chifukwa.

Sipanapite nthawi yaitali. Fabiano anawombana ndi lole pamsewu wa ku Nsaru, atanyamula matumba a chimanga. Anafera pomwepo. Njinga imene ndinamugulira anaibweretsa pangolo, itapindika pakati.

Ndinali nditangolandira diripi sabata imeneyo, nthawi yomwe thupi limakhala lopanda chitetezo n'komwe. Pakhomo pa Yasinta panadzaza anthu. Amayi anathithikana m'nyumba ya siwa, mawindo otseka, akuimba ndi kutsokomola. Malo anga monga malume anali pafupi ndi bokosi. Ine ndiye ndinayenera kulandira anthu, kuuza adzukulu pokumba, ndi kuyankhula m'malo mwa banja. Ndinatumiza bokosi, chimanga ndi mbuzi. Ndinavala jekete, ndinayenda mpaka pachulu cha m'malire mwa munda, n'kuima pamenepo. Yasinta anatuma mayi wina kudzandiuza kuti, "Mwana wanu akukudikirani." Ndinayankha kuti ndili pano, ndikuona zonse. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuchipewa, n'kubwerera.

Ndinaganiza zopita. Ndinaponya phazi kutsika pachulupo, Nabanda n'kundigwira jekete.

"Mukufuna Yasinta aike awiri sabata imodzi?"

Bokosi linadutsa ndili pomwepo. Anthu onse anatembenuka kundiyang'ana. Anzake a Fabiano a kabaza anali patsogolo, akuliza mahutala.

Dzuwa litapendeka, ndili pachigafa, ndinamva njinga zija zikubwerera kuchokera kumanda. Sizinakhote kupita kumsika. Zinalowa m'munda mwanga, kudula mizere, fumbi lili koboo. Kumbuyo kwake kunali anthu oyenda pansi, ndipo patsogolo pawo panali Gelevazio, dothi la kumanda likadali m'mawondo, atagwira chibonga.

Ndinaimirira. Ndinaona ndowa ya mpopi ikugubuduzika, wina ataimenya theche. Anadutsa mipando ya alendo osaiona n'komwe.

"Alamu, imani pomwepo, tikambirane."

"Zoima patali zatha lero!" anakuwa. "Unameta maliro a mwana wanga iye akadali moyo. Ndinakuona ndi maso angawa. Unadziwa bwanji?"

"Njinga ya magazi!" anatero wina kumbuyo.

"Maliro a amake sanabwere, a mphwake waonera pachulu ngati mpira!"

"Tsegula nyumba tione chimene ukudyetsa abale ako!"

Nabanda anali ataima pakhomo, manja atatambasula. Mnyamata wina anamukankha, ndipo anagwa n'kumenyetsa mutu pakhonde. Chitseko sichinali chokhoma, koma anachithyola ndithu. Ndinamva magalasi a mawindo akusweka, mbale zikugwa, bedi likugubuduzidwa. Anatulutsa matiresi n'kuwang'amba ndi mpeni. Anatulutsa mabotolo a mankhwala anga n'kuwaponda. Anatulutsa ndowa yomwe ndinkasanziramo, wina n'kuinunkhiza, kuitaya uko.

"Mulibe kanthu!"

"Ndondocha yathawa! Waithawitsa m'mawa!"

Chibonga choyamba chinandipeza paphewa. Sindinaone amene anamenya. Ndinagwa, ndipo thupi linakumbukira lokha: chammbali, mawondo pachifuwa, manja kumutu, kukamwa kotseka. Anandiponda m'nthiti. Wina anandimenya ndi mpando wanga womwe mpaka unathyoka. Magalasi anasweka pankhope. Dzanja lina linakoka masiki, zingwe n'kuduka.

Ndinena monga zinalili. Pamene masiki anachoka, zibonga ndinasiya kuzimva. Ndinkangoona pakamwa pa anthu, pambirimbiri, potseguka, pamwamba panga, malovu akundigwera m'maso. Anthu amene anagona m'siwa, amene anakumbatirana kumanda. Miyezi yonse ija ndinkayeza mphepo, ndipo tsopano ndinali kupuma mpweya wa mudzi wonse. Ndinayesa kuugwira mpweya m'chifuwa. Theche lina linautulutsa.

Ku Joni ondimenya ankanditchula dzina lonyoza limene amatchula mlendo aliyense. Awa ankanditchula dzina langa la ubatizo. "Benedikito, mfiti!" Mawu ena ndinkawazindikira. Mmodzi anali mwana wa mnzanga amene tinkaimba naye kwaya.

"Muvuleni! Zithumwa zili m'jeketemo!"

Anandikoka miyendo kunditulutsa pachigafa. Jekete analing'amba, juzi anaivula chokoka, malaya mabatani anathothoka. Chipewa chinapita. Magazi a pamphumi sankaleka, chifukwa mankhwala aja amachititsa kuti asagwirane msanga. Kenako ndinamva fungo la petulo. Mnyamata wina anali atagwada pambali pa njinga yake, akukoka mafuta ndi kapaipi kuthira m'botolo. Anabwera n'kundithira kumsana. Anali ozizira.

"Machesi ali ndi ndani?"

"Dikirani. Ndiyambe ine."

Anali mawu a Yasinta, osasa ndi kulira. Anthu anapatuka. Anali atamanga chitenje m'chiuno, m'manja muli munsi. Anaima pamwamba panga. Kuyambira tsiku limene ndinabwera, aka kanali koyamba kuti andiyandikire chotero.

"Ndiyang'aneni, achimwene. Ndikufuna mundiuze mwana wanga munamugulitsa zingati."

Anawerama n'kundigwira pamutu kuti anditembenuze nkhope. Dzanja lake linaterereka. Analibwezanso, pang'onopang'ono, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Mutu wometedwa umakhala ndi zitsa, umakanda m'manja. Yasinta wameta anthu ambiri pamaliro, amadziwa. Anandipukuta magazi ndi chala pamwamba pa diso. Panalibe nsidze. Anayang'ana zikope, zinali zopanda kaubweya ngakhale kamodzi. Maso ake anatsika: nthiti zowerengeka, khungu lolendewera, mikono yoonda ngati ya mwana, misempha yakuda yopsa ndi diripi, chipsera cha pakhosi pomwe anadulapo chotupa.

Munsi unagwa pansi.

"Lezala silimeta nsidze," anatero motsitsa. Kenako anakuwa, "Bambo a Fabiano, bwerani mudzaone! Lezala silimeta nsidze! Munthuyu watha!"

"Choka apo, mayi, zimenezo ndi zamatsenga zomwezo!" anatero wa botolo uja. Machesi anali atapezeka.

Yasinta anamasula chitenje, anandifunditsa, n'kudzigwetsa pamwamba panga. Petulo uja anamulowa m'malaya.

"Yatsani. Ndakwirira mwana lero, mawa mukwirire amake ndi malume ake. Yatsani, mukudikira chiyani?"

Ankalira, nkhope yake itagunda yanga, misozi ndi mamina zikundigwera pakamwa. Anali atagona m'siwa, ndipo ndinkamva chifuwa chake chikulira. Ku Joni ndinaphunzira kusayankhula, koma apa ndinayankhula.

"Yasinta, yang'ana kumbali."

Anatembenuza nkhope kuyang'ana kumunda, anakoka nsonga ya mpango wake kutseka pakamwa, koma sanadzuke. Anandigwira zolimba kuposa poyamba.

Gelevazio anayandikira. Ndinkaona mapazi ake okha. Anaima nthawi yaitali. Chibonga chinagwera pafupi ndi khutu langa, iye n'kukhala pansi m'fumbi, kuyamba kulira ngati mwana, akuitana dzina la Fabiano.

Gulu silibalalika nthawi imodzi. Ena anachoka mwakachetechete. Ena ankanenabe kuti mfiti imadziwa kudzionetsa yodwala. Uja wa machesi sanafune kuti apite pachabe. Anathira petulo wotsala paudzu wa chigafa n'kuyatsa. Njinga zinalira, zinapita. Chigafa chinayaka msanga. Waya uja atapsa, mzati umene ndinausiya theka tsiku lija unagwa wokha.

Nabanda, mutu utatupa, anandisambitsa ndi sopo kuchotsa petulo. Anang'amba nsalu yoyera n'kukanikiza pabala mpaka magazi analeka. Anaimbira munthu wa galimoto amene ankatitengera ku Lilongwe, ndipo anati afika mawa lake masana. Yasinta sanalowe m'nyumba, ngakhale chitseko chinali pansi ndipo mudzi wonse unali utalowamo kale. Anakhala pabwalo, patali, akutola mapiritsi m'fumbi limodzilimodzi n'kumaika pambale.

"Bwanji simunavule jekete tsiku loyamba lomwe?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ndinakuuzani kuti ndikudwala."

"Munatiuza. Koma sitinakugwireni."

Ndaganizira mawu amenewa nthawi zambiri. Zaka zonse za ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene munthu amakhulupiriridwa akangoyankhula. Si choncho. Kwathu timakhulupirira ndi manja. Matenda timawadziwa tikagwira pamphumi, chisoni timachidziwa tikakhala mapewa atagundana, m'bale timamudziwa tikamwera chikho chimodzi. Ine ndinawabweretsera mawu okha, ndili kumapeto kwa chigafa, nditabisa thupi lonse. Sindikunena kuti anachita bwino. Phewa langa silikwera mpaka lero, ndipo anyamata ena aja ndikakumana nawo panjira amayang'ana pansi, ine osawapatsa moni. Korona sanandigwire, koma zimenezo ndinazidziwa patapita masabata. Madzulo amenewo sindinkadziwa. Kukhosi kukangoyabwa pang'ono, ndinkati wayamba.

M'mawa mwake linali tsiku lometa. Ndinadzuka movutika. Ndinavala malaya a manja aafupi ndi masiki ena, jekete ndi chipewa ayi. Ndinatenga lezala latsopano. Nabanda ananyamula mpando umodzi umene unapulumuka, ndipo tinadutsa m'munda, kudutsa chulu chija, mpaka pakhomo pa siwa.

Abale anali atakhala pabwalo, tsitsi lili mbwee pansi. Nabanda anaika mpando pansi pa mtengo wa mango, kumapeto kwa bwalo. Azakhali ena anadzuka kuti adzandigwire dzanja. Yasinta, mutu wake uli mbee, anawatsekera njira. Anakoka mzere m'dothi ndi chidendene.

"Apa ndiye pothera. Wofuna kupereka moni aombe m'manja."

Anaomba. Gelevazio sanaombe, ndipo sanandiyang'ane. Anawerama n'kutola dothi pang'ono, analiwaza m'mwamba, n'kuona komwe likupita. Linkabwera kwa ine. Ananyamula mpando wake, anauza amuna anzake kuti anyamuke, ndipo onse anasamukira mbali ina ya bwalo.

Ndinamasula lezala papepala lake. Ndinaliyendetsa mopepuka pamutu panga, kulambalala mabala, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, monga amachitira malume akataya mphwake. Pansi sipanagwe kanthu. Ndinapitiriza mpaka ndinamaliza mutu wonse.